Chikhatho pa Sipika

Ku Ndirande, kuseri kwa ogulitsa makala,
kuli kashedi ka a Namakhwa okonza mawailesi.
Mawaya amalendewera kudenga ngati matumbo pa butchala,
utsi wa mtovu n'kumaluma m'mphuno.
Ndinkapitako kukatchajitsa foni
koma chondikhalitsa pabenchi paja chinali china.

Mwana wawo Ndaziona
malungo aakulu anamutseka makutu
asanadziwe kuitana amayi ake.
Komatu wailesi ikatsitsimuka patebulo
a Namakhwa sakhulupirira khutu lawo.
Amamukodola ndi chibwano.
Iye amavula masilipasi, kuponda thabwa,
kuyala chikhatho pansalu ya sipika
monga achitira mzamba pamimba yakucha,
n'kutsinzina.

Besi ikagunda bwino, zikope zake zimavina.
Ikamalira mwachimfine amakwinya mphuno:
ibwezeni, sinachire.
Ndipo sanaphonyepo.

Nanga ife eni makutu timamva chiyani?
Kondakitala wa ku Chirimba amakweza voliyumu
kuti mawu a wofuna chenji amire.
Mayi wa ku Chinseu amachapa ndi kwaya pawindo
kuti matukwano a kuseri asamupeze.
Ine ndimatsekera timahedifoni m'makutu,
kamodzi kakufa kale,
kuti ndisamve mapazi a landilodi.
Nyimbo tinaisandutsa chitseko.

Lachinayi lina magetsi anathima masana.
Mabala, mababashopu, mashopu ojambulira nyimbo,
zonse zii! nthawi imodzi.
Anthu tinayang'anana ngati otayana pamaliro,
wina kukhosomola, wina kufunsa nthawi
ali ndi wotchi pamkono.

Ndaziona anandigwira dzanja.
Analigunditsa pa lata la khoma:
chigayo cha dizilo kutali uko chinali kupuma,
du du du, kudzera m'nthaka, m'mitengo, m'misomali.
Analisuntha pang'ono:
lole yotsika ku Makata ndi katundu wake,
nyundo za okhoma ndowa zikulandizana
ngati zinapangana dzulo.
Kenako anakweza zala zanga pakhosi pa bambo ake
amene ankawotcha chitsulo pambaula
akung'ung'udza kanyimbo ka kwawo ku Phalombe
osadziwa n'komwe kuti akuimba.
Kanali kunjenjemera pansi pa khungu
ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Pomaliza anabweza dzanja langa pachifuwa panga
n'kulisiya pomwepo.
Anandiyang'ana ngati akuti:
iyinso mumaimvera?

Ndinabwerera kunyumba foni ili yozima,
timahedifoni tili m'thumba.
Njira yonse ndinkakhudza zinthu ngati mwana:
mpanda wa tchalitchi, chitsulo cha mlatho wa Nasolo,
galimoto yoima injini ikulira.
Mlonda wina anandikalipira.
Ndinamva mawu ake m'nthiti
ndisanamve chimene amanena.