Chipinda cha Pamwamba pa Uvuni

Ine ndimaphika buledi ku Villa El Salvador,
kumene nkhungu ya ku Lima imagona pamchenga
ngati galu wokana kudzuka.
Ndikamakanda ufa madzulo, denga limanjenjemera:
di! di! di!
Ndi ana a Mayi Fortunata Ccahuana amenewo,
akuphunzira kugwa.

Inde, kugwa.
Ndinawafunsa tsiku lina: Kodi judo yanuyi
si yogwetsa anthu?
Anaseka, akumanga lamba wawo wakuda
amene wayamba kutuwa ngati tsitsi lawo.
Anati: Bambo Isidoro, miyezi itatu yoyamba
mwana sagwetsa mnzake.
Amagwa yekha, namenya pansi ndi chikhatho, nadzuka.
Wodziwa kugwa saopa kukankhidwa,
ndipo wosaopa sathamangira mpeni.

Lendi yawo imabwera mochedwa,
nthawi zina m'makobidi onunkha nsomba
ochokera m'matumba a amayi a kumsika.
Sindiwerenga iwo akuona.

Chaka chatha, mu Ogasiti,
Yeison ndi Wilmer anakumana pakhomo pangapa.
Nkhani yake inali ya foni yosowa.
Wina botolo losweka m'manja,
wina dzanja lili m'thumba la jekete,
ndipo tonse tinkadziwa chimene chinali m'thumbamo.
Ine ndinabisala kuseri kwa matumba a ufa,
maondo ali njenjenje.
Mayi Fortunata anatsika masitepe opanda nsapato.
Sanakweze mawu, sanakunge chibakera.
Anaima pakati pawo, manja ali lende,
nafunsa: Ndani wadya lero?

Zii.

Anatola mabanzi awiri pathireyi yanga, osapempha,
natambasula manja uku ndi uku, nadikira.
Banzi lotentha sulandira utagwira botolo.
Banzi lotentha sulandira dzanja lili m'thumba.
Atatha kutafuna, anakwera nawo pamwamba.
Ndinatchera khutu kudenga ola lathunthu:
silinagunde ngakhale kamodzi.
Mawu okhaokha,
oyamba ngati zitini zogubuduka,
kenaka ngati madzi otsala pang'ono kuphwa mumphika.

Foniyo sinapezeke mpaka lero.
Anyamatawo si mabwenzi, ndisakunamizeni.
Akakumana amangogwedezerana mutu.
Koma onse awiri alipo,
onse awiri amagula buledi Lamlungu.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wa nsapato zonyezimira.
Akufuna chipindacho aikemo makina a juga,
lendi kuchulukitsa katatu, miyezi isanu ndi umodzi pompopompo.
Mkazi wanga Hermelinda anawerengetsera papepala lokulungira buledi:
chitseko cha uvuni chokhota,
ufa wokwera mtengo,
mano anga awiri ofunika dokotala.
Masamu ake sananame.
Ine si woyera mtima:
khadi la bamboyo linagona m'thumba mwanga masiku asanu ndi anayi.

Usiku wa khumi ndinakumbuka Aurelio, mng'ono wanga,
amene anagwa pamphambano ya msewu uno
zaka makumi atatu zapitazo
chifukwa cha mawu amodzi oyankhulidwa pampira.
Iye kugwa sankakudziwa.
Anagwa kamodzi kokha.
Tsiku limenelo panalibe wotsika masitepe.

Khadilo ndinaliponya mu uvuni.
Silinatenthe ngakhale banzi limodzi.

Tsopano pambali pa sikelo ndaika chitini cha mkaka,
ndalembapo: Za matiresi atsopano.
Woyendetsa basi amaponyamo chenji,
namwino wa usiku amaponyamo osayang'ana,
Hermelinda amachita ngati sachiona
koma ndinamupeza akuchipukuta fumbi.
Mayi Fortunata sanandithokoze ndi mawu ambiri.
Anangowerama pang'ono, monga amachitira kwa ana awo,
ine nkusowa poika manja anga aufa.

Chitseko cha uvuni chikadali chokhota.
Ndimachitseka ndi bondo.
Pamwamba, kamtsikana kena katsopano kagwa moipa,
kakulira pang'ono.
Ndaimitsa manja mu ufa, ndikudikira.

Di!
Kagwanso. Ulendo uno kagwa bwino.