Njerwa za M'munda wa Bambo

Bambo anga, Intha, ankadana ndi njerwa.
Khasu likati khwe! iwo ankatukwana,
n'kuitola, n'kuiponya kumpanda
komwe mulu unakula mpaka nkhuku zinayamba kuikirapo.
Zinali njerwa zazitali kuposa zathu,
zofiirira ngati chiwindi chowamba.
Mwini wake sitinamufunse.
Tinali ndi mitengo ya lamyai yofuna madzi.

Chaka chomwe ndinkakumba chitsime chatsopano
fosholo inavundukula khutu,
khutu lalitali, lolendewera,
kenako tsaya, kenako milomo yotseka
ya munthu woti nkhani yonse anaimva kale
koma safuna kukudula mawu.
Ndinakhala pansi m'matopemo. Ndinavula chipewa.

Anabwera ochokera ku Chiang Mai
ndi zingwe zoyera, zikhomo, timaburashi tofewa.
Duangkamon, mtsikana wa magalasi okhuthala,
anati: Mayi Buaphan, mwakhala mukugona pamwamba pa mzinda.
Apa pali khola lanu panali chipata.
Apo mumayanika zovala
amonke ankadutsa m'bandakucha, mbale m'manja,
belu likulira, ogulitsa mchere akumangirira mabwato.
Ndiye mtsinje unadzuka usiku wina,
unalowa m'misewu, m'makachisi,
unasiya mchenga wobisa munthu woimirira,
n'kusamukira kwina
ngati mlendo amene wanyowetsa mphasa
n'kulawira kusanache.

Anadula mitengo khumi ndi umodzi.
Ndinaiwerenga. Itatu anabzala ndi bambo
chaka chomwe ndinabadwa.
Ndalama anandipatsa, sindinama,
koma ndalama ilibe mthunzi.

Lero pali makwerero okhala ndi mitu ya njoka,
masitepe asanu ndi awiri
okufikitsa pamphepo basi.
Denga kulibe. Zipilala zinatsala zitsa.
Alendo amafika pa ngolo za mahatchi,
ine ndimawagulitsa madzi ozizira ndi maluwa.
Mulu wa bambo uja anaupasula bwinobwino,
njerwa iliyonse n'kuipatsa nambala,
ndi zitosi za nkhuku zomwe.
Akanakhalapo akanaseka mpaka kutsokomola.

Mutu uja anapita nawo m'tauni.
Ndinakwera basi kukauona, n'kulipira pakhomo.
Uli m'galasi, nyali ikuuwalira.
Pakapepala analemba zaka, analemba malo,
chitsime changa sanachitchule.
Koma milomo ija sinasinthe.

Chimodzi chokha ndinabisa, ndiulule.
Njerwa yodindika phazi la galu.
Anaponda dothi lisanaume,
ndipo pambali pali chala cha woumba
amene anayamba kufufuta, n'kuleka.
Mwina anaitanidwa. Mwina anangoseka.
Za mafumu Duangkamon amadziwa mayina,
za uyu palibe amene angandiuze
ngati anathawa madzi aja,
kapena ngati galuyo anamutsatira.

Mvula ikagwa masiku atatu osakata
dzenje lonse limadzaza,
njoka za pamakwerero n'kumira mpaka m'khosi,
achule n'kuyamba mapemphero awo.
Ndimaima pakhonde, njerwa ili pachifuwa,
kumvetsera kumene mtsinje uli,
pakuti njira yake yakale
imadutsa pansi pa bedi langa.
M'mawa ndimakwera masitepe oterera aja,
ndimasiya mpunga ndi lubani pomwe panali Buddha,
n'kutapako pang'ono
kuponyera galu aliyense wodutsa.