Chofunda cha Ndaziona

Ndinachiyamba uli m'mimba,
miyendo itatupa, chitenje chikukana kukumana,
nditakhala pakhonde la aKathumba, atelala a pa Bembeke,
ndikutola tizidutswa togwa pansi pa makina
ngati nkhuku pamtondo.
Ndinkati ndimaliza usanabadwe.
Iwe unafulumira ndi masabata atatu.

Kenako matewera. Kenako chikuku.
Kenako chiwawu chinatentha kachewere yense kudimba,
ine ndi dengu la kabichi pamsewu
kuthamangira mawindo a mabasi.
Chofunda ndinachipinda kanayi,
n'kuchiika pansi pa sutukesi yobiriwira,
pamodzi ndi khadi lako la sikelo
ndi malisiti a ngongole ya feteleza.
Ndinati mawa.

Mawa lija lakwana zaka khumi ndi zinayi.

Sabata yatha wabwera ndi kalata ya kusekondale:
ndowa, khasu, mbale ziwiri, bulangete.
Pa Lizulu ndinafunsa mtengo wa bulangete,
mnyamata atatchula ndinaseka,
iye osaseka.
Ndinabwerera ndi ndowa yokha.

Usiku womwewo ndinatsegula sutukesi.
Singano inali pomwe ndinaisiya,
itabaya pakati pa duwa lofiira,
ulusi uli lende, kudikira.
Dzimbiri lasiya kadontho pansalu.
Ndachapa kawiri, lakana. Likhale.

Nditachiyala pamphasa unagwa nacho chikhakhali:
Amayi, ichi ndifunda bondo liti?
Zoonadi, ndinayezera munthu wa mikono iwiri,
amene ndinali ndisanamuone nkhope.
Lero nsapato zako sindingavale, zimandikhwepa.

Ndiye ndayamba kukulitsa.
Yunifolomu yako ya sitandade folo, ya inki pathumba.
Ovolosi ya bambo ako ya ku macheka,
imanunkhabe utomoni wa paini ikanyowa.
Nsalu ya chipani chomwe chinatha kalekale,
nkhope ya mkuluyo ndaitembenuzira m'kati,
akutenthetse msana, agwireko ntchito kamodzi.
Diresi yanga yachikasu ija
yomwe ndinkati ndidzavalanso ndikadzaonda.
Mkati ndayalamo majuzi awiri a pakaunjika
omwe njenjete zinayamba kale kulawa.

Taona pomwe ntchito yakale yakumana ndi yatsopano.
Misoko ya mtsikana uja ndi yaing'ono, yowongoka,
ngati mizere ya anyezi panazale.
Anali ndi maso, anali ndi nthawi,
ankaphwasula akalakwitsa pang'ono pokha.
Yangayi ikuyenda ngati woledzera wochokera ku Chimbiya,
koma kokako uone ngati ingathothoke.

Ulusi wakuda unatha Lachitatu,
ndapitiriza ndi wobiriwira wa kwa aNajere.
Pabowo la singano sindikuonaponso madzulo;
umandilowetsera ndiwe, osayang'ana n'komwe,
diso lina lili m'buku.

Mpendero ndatseka lero m'bandakucha,
nkhungu itameza phiri ndi mitengo yomwe,
zala zitauma ngati zikhuni.
Ndamanga mfundo, ndaluma ulusi ndi mano.
Ndinakhala kaye phee,
manja osadziwa kopita.

Ngodya imodzi yatalika kuposa zinzake.
ANajere akuti chikuoneka ngati minda ya ku Kamenyagwaza
ukaiona uli pamwamba pa lole.
Anzako kuhositelo mwina adzaseka,
iwo ndi mabulangete a akambuku ochokera ku Joni.
Aseke. Chisanu cha kuno sichiwerenga kalendala,
Juni akadzafika udzandiuza.

Koma kachigawo kapakati ako,
ka maluwa ofiira ndi kadontho ka dzimbiri,
kadzikhala pachifuwa.
Ndi pomwe ndinkasoka iwe ukundimenya mateche,
ndikukuuza kuti dikira, dikira pang'ono,
chatsala pang'ono kutha.