Zidutswa

Makina anga ali pakhonde la golosale ku Mchesi,
pomwe fumbi la ku Biwi limadzapumira likatopa.
Chaka chatha ndinkasoka maukwati.
Chaka chino ndikusoka zapakamwa.

Nsalu ziwiri, mapindo atatu,
lasitiki khutu ili ndi khutu ilo.
Wayilesi yati itseke mphuno ndi kamwa pomwe,
osati kulendewera pachibwano ngati ndevu zobwereka.
Ndimauza aliyense wogula. Ena amaseka.
Wakabaza wina anati, Mayi,
koronayu ndi wa okwera ndege,
ife a ku Chilinde tili nazo kale zotipha.
Sindinamuyankhe.
Ndinapita pachigubu, sopo m'manja,
kuwerenga chamumtima mpaka makumi awiri,
kwinaku ndikuwerenganso mtengo wa ndowa kukiyosiki.

Thumba la pansi pa makina ndilo likundidyetsa.
Muli zotsala za chinkhoswe cha Esinta,
yunifomu ya kwaya imene siikuimbanso,
diresi la mwana wa a Nankhoma
lomwe linadikira ubatizo mpaka kumuchepera.
Ndikatsikira kumsika, kuwoloka mlatho wamatabwa,
sindizindikira nkhope,
ndimazindikira nsalu.
Uyo wogulitsa kaunjika wavala ukwati wa mnzanga pamphuno,
uyo wanyamula aleluya wa anthu ena pamilomo
ndipo sakudziwa.

Kenako Fanuwelo anabwera.
Zaka zisanu ndi chimodzi ali ku Joni,
anatsika ndi chikwama chimodzi ndi maso ofiira,
manja atatambasula kale asanafike pachipata.
Ine wa tepi m'khosi,
woyeza ziuno ndi mapewa a anthu osawadziwa,
ndinayeza mlongo wanga ndi maso.
Mamita awiri.
Ndinati, Ima pomwepo.
Manja ake anatsika pang'onopang'ono
ngati malaya ogwa pachingwe.

Tinamupatsa kachipinda ka kuseri, kosungira makala.
Kapu yake, mbale yake, zenera lotsekula usana ndi usiku.
Zione ankaika tiyi ndi mbatata panjerwa,
kugogoda ndi kamtengo, n'kuthawa akuseka,
poti kwa iye anali masewera.
Ine ndinkalemba masiku pakhoma ndi choko chodulira nsalu.
Oyandikana nawo anati ndasanduka mzungu.
Ena anasiya kudzabwereka moto.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anatsokomola.
Khoma lathu n'lopyapyala, ndinamva zonse.
M'mawa anati, Achemwali, sopo wanuyu alibe fungo.
Miyendo inandizizira.
Ndinaimba nambala ya papepala limene anatipatsa ku Bwaila.
Mawu a mtsikana wotopa anati
akhale payekha, amwe madzi, musamukweze minibasi,
mpweya ukayamba kumuchepera musadikire kuche.
Usiku umenewo ndinagona chokhala,
khutu pakhoma,
kuwerenga kupuma kwa mwana wa mayi anga
monga ndimawerengera masitichi ulusi ukatsala pang'ono.

Kunacha. Kunachanso.

Wakabaza uja anabwera Lachinayi, njinga akukankha.
Sanaseke.
Anati ndimupatse atatu, mmodzi wamng'ono.
Anati kumaliro a abwana ake anawerenga anthu pachipata
ndipo iye anatsala kunja kwa mpanda,
kumva nyimbo ngati za eni ake.
Ndinamusankhira wa nsalu ya kwaya.
Ndalama anaponya m'mbale, osati m'manja mwanga.

Choko chinatha chisanafike pa khumi ndi zinayi,
masiku otsalawo ndinakanda ndi lumo.
Tinawonjeza ena atatu, poti mantha sadziwa masamu.
Lero Fanuwelo wakhala pabenchi, uko kumapeto,
wawonda, masiki yake ndi ya chinkhoswe cha Esinta,
amene anamudikira zaka ziwiri n'kutopa.
Sindinamuuze.
Ndikuthira mafuta m'makina, iye wakwinya mphuno pansi pa nsalu.
Akuti, Achemwali, mafuta anuwa akununkha bwanji.

Ndapondaponda makina osaika nsalu
kuti asamve kuti ndikulira.