Mamilimita Asanu

Zaka makumi atatu ndinkawombera chafufumimba
m'madambo a ku Suomussalmi,
zigongono zitazika mu ndere zonyowa.
Galasi ndinalimanga pansipansi,
pakati pa ilo ndi mpope wa mfuti
pankangolowa pepala lopinda kawiri.
Tsaya likangokhudza thabwa, kamtanda kali pomwepo, kakundidikira.

Chaka chatha khosi linakana.
Mphalapala inatuluka m'mapaini, nyanga tambalale ngati zikhatho,
ine pansi, kusakasaka kuwala m'galasi,
kumangoona kamwezi kakuda kakuzungulira m'mphepete.
Pomwe ndinkalipeza dziko
n'kuti mwatsala mitengo yokhayokha.

Ndiye lero ndili m'shopu ya Tuulikki,
mwana wa malemu Aatos amene anandigulitsa mfutiyi.
Mukununkha mafuta ndi khofi wopserera.
"Tsinzinani," akutero. "Ikani paphewa. Musafune kanthu.
Penyani tsopano."
Ndapenya. Diso ladutsa pamwamba pa galasi,
lakagwera pa kalendala ya kukhoma.
"Gwadani." Bondo lalira kuti thethe.
"Khalani pansi, zigongono pamaondo.
Imirirani, tsamirani mzatiwu."
Konseko ndi kalendala yomweyo,
mwezi wa Okutobala, chithunzi cha galu.

Watsegula kabati, watulutsa mphete zina, zazitaliko.
Ndayamba makani.
Si ine ndinkaphunzitsa anyamata
kuti galasi lokwera ndi la alenje a pampando?
Nanga tsaya likalendewera m'malere?
Iye duu. Wangomangirira kachikopa pathabwapo,
n'kuyamba kulimbitsa timabawuti,
aka pang'ono, ka kutsidya pang'ono,
diso lili pa kathovu ka m'kachubu
mpaka kataima pakati.

Mamilimita asanu basi.
Kuchepa kwake ngati njere ya mphodza,
koma ndi mtunda umene msana wanga wayenda
chichokereni bambo ake.

Kuseri kwa shopu, pamalo oyesera, chipale chayamba kuwaza.
Ndakhala pansi, miyendo yopingasa.
Ndatsinzina, ndapuma, ndapenya:
kamtanda ako, ndi chandamale mbee, chopanda mthunzi.
Zipolopolo zitatu zagwera pamodzi, cha m'munsi kumanzere.
"Tikonza," akutero, akupotokola kachitsulo, ta, ta, ta.

Pansi pamene ndinkagona paja ndapayang'ana kamodzi.
Payera kale.
Mphete zakale zili m'thumba la jekete,
zikugundana ndi makiyi a galimoto.