Sikelo ya Bambo

Bambo anga anayeza mtedza zaka makumi atatu
pamsika wa Kamwendo.
Thumba lisanakwere pasikelo
iwo anali atatchula kale kulemera kwake,
muvi n'kumangovomereza.

Lero andifunsa kanayi kuti ndine mwana wa yani.

Dzinja lathali anatuluka usiku opanda malaya.
Tinawapeza mbandakucha pamlatho wa Bua
akudikira lole ya kampani imene inatseka kalekale.
Pamjigo mawu anayamba kukwawa:
nkhalamba yoyenda usiku timaidziwa ife.
Wina anaponya mwala padenga.
Ndinautola. Uli pawindo mpaka pano.

Mwezi wa masika kunafika galimoto yafumbi yochokera paboma.
Anatsika a Nyendwa, namwino wa ku Chipata,
Chinyanja chawo chokhota pang'ono ngati msewu wa ku Mwami,
ndi mtsikana wa kukoleji atakumbatira mafomu.
Pafoni panali kankhope ngati sitampa,
dokotala wa ku Nairobi,
mawu ake akudukaduka ndi netiweki.

Jambulani wotchi, a Kamzimbi.

Bambo anatembenuza pensulo uku ndi uku.
Wotchi yawo moyo wonse unali mthunzi wa depoti
ukafika pamwala wachitatu.
Pepala linabwerera loyera.
A Nyendwa anapukusa mutu:
funsoli linabadwira kutali,
silinamwepo madzi akuno.

Ndinalowa m'nyumba n'kukoka thumba la chalimbana.
Bambo anadzuka okha,
analigwira makutu, analitukula pang'ono.
Makilo makumi anayi ndi awiri, anatero,
komanso sunaume bwino.
Sikelo ya m'galimoto sinatsutse.
Ku Nairobi kunamveka kuseka,
kenako phee, munthu akulemba.

Akuti mafunso aja tsopano akusokedwanso
monga malaya a pakaunjika,
kuno apinde, ku Katete awonjezere, ku Tete asinthe mabatani,
mpaka atikwane.

Mankhwala ochiza palibe, anandiuza osazungulira.
Koma dzina lilipo: ndi nthenda ya ubongo, nthenda yoiwala.
A Nyendwa analitchula pamjigo pomwepo, mokweza,
zidebe zili pamzere.
Ena anamva. Ena anangosenza madzi awo.

Lachitatu lililonse timakumana kuseri kwa chipatala,
ife osagona tulo tonse.
Mayi wina wa kutsidya kwa malire anatiphunzitsa pafoni
kusokera nambala m'kolala ya malaya.
Ine ndinawaphunzitsa kumangirira belu la njinga kuchitseko.
Mwala uja tsopano umatsindira mapepala a kuchipatala
kuti mphepo isawatenge.

Madzulo ano andifunsanso:
kodi mayi, ndinu a kuti?
Sindinayankhe.
Ndinangoika dzanja langa m'chikhatho mwawo.
Analikweza, analitsitsa,
maso ali kumwamba monga ankachitira pamsika.

Uyu ndi wathu, anatero.
Koma wapepuka.
Kodi akumadya?