Mtengo Wakugwa Uli ndi Mtengo

Matalala anagwa Lachiwiri madzulo,
mphepo n'kuzula mitengo khumi ndi inayi
m'mbali mwa khwawa la Braamfontein.
Lachinayi tinafika, atatu kumbuyo kwa lole:
ine, Lekeleni wa ku Ntcheu,
ndi Sibongiseni wogwira macheka a injini.

Bwana sanatsike n'komwe. Anangotsitsa galasi:
zonse zichoke, pasatsale kanthu.
Ku Joni kuno mtengo wakugwa uli ndi mtengo,
mu Juni anthu adzafuna moto.

Tinadula.
Utuchi m'mphuno, utuchi m'khosi, utuchi m'thumba la buledi.
Pa chipika chachitatu ndinapisa dzanja m'mphako
ndipo munali mofunda.
Mazira awiri, limodzi losweka.
Mwini wake, gogomole, anali pa waya wa magetsi
akutiyang'ana ndi diso limodzi.
Lekeleni anati, aise, usayambe zachisoni,
lendi ya ku Rosettenville sidikira mbalame.

Pansi pa khungwa panali mudzi wathunthu:
abongololo odzipinda, mphutsi zonenepa,
nalimata amene anatisiyira mchira n'kuthawa.
Tinakweza zonse.
Matayala anaponda mbande zomwe mkuntho unazilambalala.
Tinasesa ndi leki mpaka nthaka inaoneka ngati mutu wometedwa pamaliro.

Chipika chimodzi chokha chinatikana.
Chinagwera m'minga, tcheni n'kuduka,
bwana anayang'ana wotchi, nati chisiyeni chiwole.

Ndadutsako lero, miyezi itatu itapita,
pochoka kodulira mpanda wa mzungu ku Parkhurst.
Pomwe tinasesa mvula yakumba zigwembe,
madzi ofiira akutsetsereka ndi dothi lonse kunka ku Jukskei.
Kwamera chisoso chokhachokha, chokakamira buluku.
Dzuwa likuwomba pansi popanda wolitchinga.

Koma pa chija tinachilephera
bowa wandanda ngati makutu,
chinyezi chabisala kunsi kwake,
timitengo tisanu tadzuka m'mthunzi wa mtembo wa mayi wawo.
Wina wabowola khomo latsopano, lozungulira bwino,
ndipo ndinamva kugogoda.

Marandi a tsiku lija ndinatumiza kumudzi,
anagula malata anayi, nyumba siikudonthanso.
Zimenezo sindingazikane.

Ndinakhala pachipikapo, ndikumasula nsapato,
nyerere zikukwera mwendo wanga ngati nanenso ndagwa.
Sindinazisase.
Mawa tili ku Emmarentia, kwagwa ina isanu ndi umodzi.